Zimbale za Don Williams: zaka zake zokoma zinali ziti?

Mphunzitsi Wopuma
Abale anga apagulu, ndabwera ndi nkhani ya Don Williams, woimba nyimbo za country wa ku America. Ambirife tinamudziwira pa makaseti osakaniza aja, amene wojambula wake ankangotola nyimbo ya 1973 n'kuigundaniza ndi ya 1987, pachikuto n'kulembapo kuti nyimbo zabwino zokhazokha. Mapeto ake nyimbo timazidziwa, koma zimbale zimene zinachokeramo sitizidziwa, ndipo sitiona mmene munthuyu anayendera. Ine maganizo anga ndi akuti Don weniweni ali m'zimbale zoyambirira, kuyambira Volume One cha 1973 kukafika pa Expressions cha 1978. Zapambuyo pake ndi zabwino ndithu, koma ntchito yaikulu inali itagwirika kale. Amene akutsutsa abwere ndi zifukwa.

Dalaivala wa Msewu wa Beira
Aphunzitsi, mwayamba ndi kutilanda zathu. Mukadula pa 1978 ndiye kuti Señorita mwaitaya, Desperately mwaitayanso. Funsani dalaivala aliyense wa thiraki kuti atchule nyimbo ziwiri za mkuluyu, atchula zimenezi. Usiku ukatsika Zobue kulunjika ku Tete, tulo tikukugwira, si Volume One imene imakufikitsa.

Mphunzitsi Wopuma
Sindinazitaye achimwene. Señorita ili pa New Moves cha 1986, Desperately ili pa Traces cha 1987, zimbale ziwiri zimene anajambulitsa ku kampani ya Capitol. Koma taonani chinthu ichi: pa mndandanda wa nyimbo za country wa Billboard, magazini ya ku America yosanja nyimbo zotchuka, Don anafika pa nambala wani ka 17, kuyambira 1974 mpaka 1986, ndipo pa nyimbo 17 zimenezo palibepo Señorita, palibeponso Desperately. Zinalowa m'gulu la nyimbo khumi zapamwamba, inde, koma ku America sizimene amamukumbukira nazo. Ndife kuno amene tinazikweza.

Dalaivala wa Msewu wa Beira
Ndiye kuti makutu athu anamva zimene a ku America anaziphonya. Billboard siinakwerepo minibasi.

Nachisale wa ku Leeds
Ndikugwirizana ndi a dalaivala pa mfundo imodzi: dziko lililonse linadzisankhira Don wakewake. Kuno ku Britain ukatchula dzina lake kwa anthu achikulire, nyimbo yoyamba kutuluka pakamwa ndi I Recall a Gypsy Woman. Mu 1976 inafika pa nambala 13 pa mndandanda wa nyimbo zonse za dziko lino, osati wa country wokha ayi, kupikisana ndi nyimbo za disiko ndi zina zonse. Chonsecho kwawo ku America nyimbo imeneyi sinali m'gulu la zotchuka zake, inangokhala pa Volume One. Choncho aphunzitsi, nyimbo ya kuno ikuchokera m'nthawi imene inu mukuikonda, koma mfundo ya a dalaivala ikadali yoima.

Kamnyamata ka ku Area 25
Pepani akuluakulu, ndilankhuleko ngati mwana. Ine ndinakulira m'nyumba imene bambo ankaika Don Williams Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi. Ndimamulemekeza. Koma kunena zoona nyimbo zake kwa ine zimamveka ngati imodzi. Liwiro lomwelo, mawu omwewo apansipansi, nkhani ya chikondi yomweyo. Mukamakangana za 1973 ndi 1987 ine kusiyana kwake sindikukumva. Ndithandizeni, ndimvetsere chiyani?

Wagitala wa ku Ndirande
Mng'ono wanga, funso lakoli ndi labwino, ndipo ndiyankha ngati munthu amene amaimba zimenezi m'maukwati.

Choyamba udziwe kuti kufatsa kumeneko sikunangochitika, kunali kochita kusankha. Don asanayambe kuimba yekha anali m'gulu la anthu atatu la Pozo-Seco Singers, limene anayambitsa ku Corpus Christi, ku Texas, pamodzi ndi Susan Taylor ndi Lofton Kline. Sankaimba country iwowa, ankaimba folk, ndipo nyimbo yawo Time inamveka mu 1966. Gululo litatha, Don anakalowa ku Nashville, kuchimake kwa nyimbo za country, ngati wopeka nyimbo ku kampani ya Jack Clement, kumapeto kwa 1971. Sanapiteko kuti akakhale katswiri wa pasiteji. Atayamba kujambula zake ku JMI, kampani yojambula nyimbo ya Clement yemweyo, ali ndi Allen Reynolds mu situdiyo, anabweretsa khutu la folk lija mu country. Nthawi imeneyo ku Nashville nyimbo zambiri ankaziunjikira mavayolini ndi makwaya kumbuyo. Iwowa anachita zosiyana, anayamba kuchotsa.

Tsono katenge Come Early Morning kapena Amanda, uvale mahedifoni, usamvere mawu, umvere zoimbira. Ng'oma za Kenny Malone sizikumenyedwa mwamphamvu, nthawi zina zikungogogodwa ndi manja. Besi ya Joe Allen ikuponda pamodzi ndi ng'oma, osathamanga. Dobro (mtundu wina wa gitala) ya Lloyd Green imadikira Don amalize mzere kenako n'kuyankha pang'ono chabe, n'kukhalanso chete. Pakati pa zonsezi pali malo, ndipo mawu ake amakhala m'malo amenewo osalimbana ndi chilichonse. Ukatha pamenepo kaike Heartbeat in the Darkness ya 1986. Umva kuti ng'oma zakula, makiyibodi alowa, nyimbo yonse yawala mwa zaka za m'ma 1980. Woimba ndi yemweyo koma chovala chasintha.

Ndikuuzenso kuti kuimba nyimbo zimenezi ndi kovuta kuposa mmene zimamvekera. Makodi ake ndi ochepa, mwana amene waphunzira gitala chaka chimodzi amawagwira. Chovuta ndi kudziletsa. Oimba athu ambiri akafika pa kolasi amafuna kukweza mawu, woimba ng'oma amafuna kudzaza paliponse, basi nyimbo yafa.

Kamnyamata ka ku Area 25
Zikomo akulu. Ndamvetsera Amanda kawiri motsatira mmene mwanenera. Za dobro zija ndazimva, imachitadi kudikira. Koma ndapezanso ina ya Waylon Jennings, mwini wake ndi ndani?

Mphunzitsi Wopuma
Anapeka ndi Bob McDill. Don ndiye anayamba kuitulutsa mu 1973, koma siinapite patali, inathera pa nambala 33. Ya Waylon ndiyo inafika pa nambala wani mu 1979. Ine ndimakonda ya Don chifukwa cha nkhani yake. Ndi mwamuna wa zaka pafupifupi 30 amene akuimbabe m'bandi, alibe kanthu, ndipo akuyang'ana mkazi wake n'kumaona kuti mayiyu anayenera kukwatiwa ndi munthu wolemera. Waylon amaiimba ngati munthu wodziwa kuti ndi dolo ngakhale zinthu zavuta. Don amaiimba ngati munthu amene zikumupwetekadi ndipo akulankhula motsitsa kuti ana asamve.

Bambo a Mapasa ku Joni
Apa ndiye pamene ine ndimakayikira ulemu wonse umene mumam'patsa. Amanda, McDill. You're My Best Friend, Wayland Holyfield. Some Broken Hearts Never Mend, Holyfield yemweyo. Tulsa Time, Danny Flowers. I Believe in You, Roger Cook ndi Sam Hogin. Nanga iye anapeka chiyani? Merle Haggard ankalemba zake, Dolly Parton amalemba zake. Uyu anali ndi mawu abwino, tivomereze, koma nzeru zinali za anthu ena.

Mayi a ku Chipata
Bambo a Mapasa, musam'chepetse choncho. The Shelter of Your Eyes, nyimbo yake yoyamba kulowa pa mndandanda, analemba yekha. Lay Down Beside Me ndi yake. Love Me Over Again ndi yake ndipo inafika pa nambala wani. Till the Rivers All Run Dry analemba limodzi ndi Holyfield. Munthu amene analembedwa ntchito yopeka nyimbo ku Nashville sitinganene kuti cholembera sankachidziwa.

Koma ngakhale akanapanda kulemba ndi imodzi yomwe, kusankha nakonso ndi luso. Mayi wodziwa kuphika umam'dziwira pamsika, pa ndiwo zimene wasiya osagula. Ku Nashville nyimbo zimalembedwa tsiku ndi tsiku, zambiri za mowa, za chigololo, za kubwezera. Yang'anani zimbale za Don kuyambira 1973 mpaka 2014 muone kuti ndi zingati za mtundu umenewo. Ankatenga nyimbo zimene mwamuna angamuimbire mkazi wake wa m'nyumba apongozi ali pomwepo. Iye mwini anakwatira Joy Bucher mu 1960 ndipo anakhala naye mpaka imfa. N'chifukwa chake kwathu kuno nyimbo zake zinalowa m'nyumba za anthu opemphera, m'maukwati, m'mabasi, popanda wina kunena kuti tsekani wailesiyo pali ana.

Bambo a Mapasa ku Joni
Mayi, za Love Me Over Again ndi zinazo ndamva. Komabe pa zija 17 za nambala wani, zolemba iye mwini ndi zochepa kwambiri. Ine ndikadali pomwepo: Haggard ndi wamkulu.

Wagitala wa ku Ndirande
Palibe akukana ukulu wa Haggard, ndipo Don mwiniwake anaimba Sing Me Back Home ya Haggard pa chimbale chake chomaliza. Koma funsani kuti n'chifukwa chiyani oimba a chamba china ankabwera kudzatapa kwa iye. Pete Townshend wa gulu la The Who ndi Ronnie Lane anaimba Till the Rivers All Run Dry pa Rough Mix mu 1977. Eric Clapton anaika Tulsa Time pa Backless mu 1978, chaka chomwecho chimene Don anaitulutsa. Anthu amenewa ankadziwa magitala aphokoso kuposa aliyense, koma anakopeka ndi munthu woimba atakhala phee. Ndipo Danny Flowers amene mwam'tchulayo sanali mlendo wongogulitsa nyimbo, ankaimba gitala m'bandi ya Don momwemo.

Mphunzitsi Wopuma
Tulsa Time ndiye umboni wanga wa Expressions. Chimbale chimodzi chokhala ndi Tulsa Time, Lay Down Beside Me ndi It Must Be Love. Chaka chomwecho cha 1978 bungwe la nyimbo za country la CMA linamusankha kukhala woimba wamwamuna wopambana. Ndipo kwa mwana wathu wa ku Area 25 amene akuti liwiro ndi limodzi, Tulsa Time imavinika. Nkhani yakenso si ya chikondi. Ndi ya mnyamata wochoka ku Oklahoma kupita ku Hollywood kukasaka mwayi, zinthu n'kukanika, n'kuganiza zobwerera kwawo. Bambo a Mapasa, inu muli ku Joni, nyimbo imeneyi simungaimve ngati ya mlendo.

Bambo a Mapasa ku Joni
Imeneyo ndimaimva, aphunzitsi. Pamenepo sinditsutsa.

Nachisale wa ku Leeds
Aphunzitsi, ine vuto langa ndi malire anu a 1978 ndi lakuti mwatsekera kunja Portrait cha 1979, ndipo mmenemo ndi mmene muli Good Ole Boys Like Me. Kwa ine imeneyi ndiyo nyimbo yozama kuposa zonse zimene anajambula, ngakhale inathera pa nambala 2. Kumudzi sinkamveka kawirikawiri, mwina chifukwa yadzaza mayina a kum'mwera kwa America amene ife sitikuwadziwa. Ndinayamba kuimvetsa nditakhala kunja. Ndi munthu amene anakulira kum'mwera komweko, bambo ake akubwera kwa iye usiku Baibulo lili m'manja, fungo la mowa lili m'kamwa, iye akumvetsera wailesi ndi kuwerenga mabuku, mnzake wa pafupi akuwonongeka ndi mowa ndi mankhwala. Iye anaphunzira, anasintha kalankhulidwe kuti azimveka ngati owerenga nkhani pa wailesi, n'kuchoka. Koma kwawoko kukumutsatabe. McDill analemba za kum'mwera kwa America, koma aliyense wa ife amene anachoka pamudzi chifukwa cha sukulu akudziwa chimene chikunenedwa pamenepo.

Ndiye chaka chotsatira kunabwera I Believe in You, imene inadutsa malire a country n'kufika pa nambala 24 pa mndandanda wa nyimbo zonse ku America, ndipo chimbale chake chinapata mphotho ya CMA mu 1981. Mungadule bwanji zimenezi?

Mphunzitsi Wopuma
Achemwali, Good Ole Boys Like Me ndi nyimbo yaikulu, sindingakane. Chimene ndikunena ndi chakuti kamvekedwe kake kanapangidwa kale m'zimbale zoyamba zija. Portrait ndi I Believe in You ndi zipatso. Kampani ya ABC, imene Don ankajambulirako, itagulidwa ndi MCA mu 1979, mavayolini anayamba kumveka kwambiri, ndipo Garth Fundis ndi amene anali naye mu situdiyo. Zinali zosalala bwino. Ine ndimakonda zija zosapala kwambiri.

Mlongo wa Kwaya
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete kudikira kuti wina atchule Especially for You cha 1981. Muli If I Needed You, imene anaimba ndi Emmylou Harris, nyimbo ya Townes Van Zandt. Mawu awiri aja, wina pansi wina pamwamba, palibe wofuna kuphimba mnzake, ndimawapatsa achinyamata a kwaya yathu kuti amve tanthauzo la kuimba awiri. Mulinso Lord, I Hope This Day Is Good yolembedwa ndi Dave Hanner. Ambiri amaiyesa nyimbo ya mapemphero wamba, koma tamverani bwino. Munthuyo sakuyamika chabe ayi, akudandaula, akuuza Mulungu kuti akumva ngati waiwalika, ndipo sakupempha chuma kapena kutchuka, akungopempha tsiku limodzi labwino. Mayi anga atagonekedwa m'chipatala nthawi yaitali, imeneyi ndi imene ndinkaika m'mawa ndisananyamule chakudya. Nyimbo za chigonjetso zinkandilemera nthawi imeneyo, iyi yokha ndi imene ndinkatha kuyankhira.

Mayi a ku Chipata
Pepani mlongo wanga. Nyimbo imeneyo yanyamula anthu ambiri.

Mdzukulu wa ku Highfield
Moni nonse kuchokera ku Harare. Agogo anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito kuno kalekale, ife tinabadwira konkuno, Chichewa changa mukhululuke. Ndikufuna kukumbutsa kuti mu 1997 Don Williams anabwera kudzaimba kuno ku Zimbabwe, ndipo zinajambulidwa pa vidiyo yotchedwa Into Africa. Taganizani nthawi yake. Nyimbo yake yomaliza kulowa m'gulu la khumi zapamwamba ku America inali Lord Have Mercy on a Country Boy, mu 1991. Pofika 1997 mawailesi a kwawo anali atatembenukira kwa achinyamata monga Garth Brooks ndi Shania Twain, zimbale zake monga Borrowed Tales ndi Flatlands zikutuluka ku kampani yaing'ono. Koma kuno anthu anadzaza, akuimba naye mawu onse. Pezani vidiyoyo muone nkhope za anthu. Ndiye mukamayeza zaka zake zokoma ndi Billboard yokha, dziwani kuti kuno zaka zimenezo zinali zisanathe.

Dalaivala wa Msewu wa Beira
Mwamva aphunzitsi? Ndi zimene ndimanena zija.

Mphunzitsi Wopuma
Ndamva, ndipo mdzukulu wathu walankhula zoona. Koma kutchuka kwa munthu ndi ubwino wa chimbale ndi nkhani ziwiri. Nyimbo zimene anthu a ku Harare ankaimba naye zambiri zinali zakale zomwezo.

Wagitala wa ku Ndirande
Ndiikepo mawu pa zaka za m'ma 1980, chifukwa zikuoneka ngati tazisiyira Señorita ndi Desperately zokha. Muli nyimbo za nkhani zimene makaseti osakaniza aja ankazidumpha. Pa Cafe Carolina cha 1984 pali Maggie's Dream. Ndi mayi woperekera zakudya m'lesitilanti ya madalaivala a mathiraki kufupi ndi Asheville, amadzuka mbandakucha tsiku lililonse, zaka zikuyandikira 50, sanakwatiwepo, mapiri ozungulira tauni yakeyo sanaonepo kuseri kwake. Palibe chochitika chachikulu m'nyimbomo, koma ukaimvetsa sungamuyang'anenso chimodzimodzi mayi amene amakupatsa tiyi pa siteji ya basi. A dalaivala, imeneyi ndi yanu kuposa Señorita. Pa Traces pomwe pali Desperately palinso Old Coyote Town, ya nkhalamba imene yatsala m'katauni kakufa ka ku Texas, achinyamata onse atapita. Don anabadwira ku Floydada mu 1939, katauni kakang'ono ka ku Texas komweko, ndiye malo oterowo ankawadziwa.

Komanso Yellow Moon cha 1983 chili ndi Love Is on a Roll, imene Roger Cook analemba ndi John Prine, ndi Stay Young. Listen to the Radio cha 1982 chili ndi If Hollywood Don't Need You. Zonse zitatuzi zinafika pa nambala wani. Munthu amene ntchito yake inatha mu 1978 sangachite zimenezi.

Dalaivala wa Msewu wa Beira
Maggie's Dream sindinkaidziwa. Ndaipeza, ndiimvera ndikaima pa Mwanza.

Kamnyamata ka ku Area 25
Nanga anamaliza bwanji? Bambo amangoti anamwalira, koma za kumapeto kwake sanandiuzepo.

Nachisale wa ku Leeds
Anatsanzika koyamba mu 2006, anayenda ulendo wotsanzikana ndi anthu n'kukakhala kumunda kwake ku Tennessee. Mu 2010 analowetsedwa mu Country Music Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a nyimbo za country, ndipo chaka chomwecho anabwereranso pasiteji. Kenako anatulutsa zimbale ziwiri ku kampani ya Sugar Hill, ali ndi Garth Fundis yemwe uja: And So It Goes mu 2012 ndi Reflections mu 2014. Pa choyambacho anamuthandiza Alison Krauss, Vince Gill ndi Keith Urban, anthu amene anakula akumumvera. Mwanawe, kamvere I Just Come Here for the Music, iye ndi Alison Krauss. Munthu wa zaka 73, mawu atsikirako pang'ono koma sakunjenjemera. Anapumiratu mu March 2016, atachitidwa opaleshoni ya m'chiuno. Mu May 2017 oimba anzake anatulutsa chimbale chomulemekeza, Gentle Giants, akadali moyo. Anatisiya pa 8 September 2017 ku Mobile, Alabama, ali ndi zaka 78, ndi matenda a m'mapapo.

Mphunzitsi Wopuma
Ndipo zimbale ziwiri zomalizazo ndi zimene zimandilimbitsa pa mfundo yanga. Atakalamba, wopanda wailesi yoti aisangalatse, anabwerera kuti? Anachotsa zowalawala za m'ma 1980 zija, n'kutsala ndi gitala, besi, ng'oma zofewa ndi mawu. Reflections chimamveka ngati mng'ono wake wa Volume One, osati wa New Moves.

Mayi a ku Chipata
Kapena tinene kuti sanachokepo kwenikweni, aphunzitsi. Ngakhale pa New Moves mukachotsa makiyibodi mupeza munthu yemweyo.

Mphunzitsi Wopuma
Pamenepo tisiyana pang'ono mayi, makiyibodiwo ine amandisokoneza. Koma mwana wathuyu anafunsa poyambira, tisamusiye m'malere. Mwanawe, usayambe ndi zosakaniza. Tenga Volume One uchimvere chonse, nyimbo khumi, osadumpha. Kenako Harmony cha 1976, kenako Expressions.

Nachisale wa ku Leeds
Awonjezerepo Portrait.

Dalaivala wa Msewu wa Beira
Ndi Traces. Asamalize osamva Desperately pamalo pake.

Kamnyamata ka ku Area 25
Ndalemba zonse zisanu, ndiziyamba Loweruka motsatana ndi zaka zake. Bambo ndawauza, akuti tidzamvere limodzi chifukwa Harmony anali nacho pa kaseti koma chinadyedwa ndi wailesi.